Chimene chimapha tizikumbu toweta m'bokosi

Amene anasungapo anapiye ambiri m'kakhola kakang'ono akudziwa kuti sachedwa kuyamba kujomphana. Tizikumbu ta ladybird timapyola pamenepo, timadyana kumene.

Ndikunena tija tooneka ngati nyemba yong'ambidwa pakati, tofiira kapena tachikasu, tamadontho akuda, timene mumatipeza pa mpiru, pa nyemba ndi pa mtedza. Mitundu yambiri ya tizikumbuti imadya nsabwe za mbewu, kuphatikizapo zija zofalitsa kadukutu. N'chifukwa chake kuli anthu amene ntchito yawo ndi kutiweta tochuluka n'kukatitaya m'minda. Sizinayambe lero. Mu 1888 katswiri wa tizilombo Albert Koebele anatumiza mtundu wa Rodolia cardinalis kuchokera ku Australia kupita ku California, ndipo unapulumutsa minda ya malalanje. Mu 1891 anatumizanso Cryptolaemus montrouzieri, umene mpaka pano amauwetera pa maungu kapena pa mbatatesi yophukira yodzaza nsabwe zoyera za mtundu wa kodikodi.

Woyamba kumene kuweta amaganiza kuti bola chakudya chikwane. Amathira mphutsi zambiri m'kontena imodzi, n'kuziunjikira nsabwe, koma pakatha sabata amapeza zatsala zowerengeka, zonenepa bwino, pansi pali makoko okhaokha. Amathamangira kunena kuti ndi matenda, pamene zadyana.

Zimayambira padzira. Chachikazi chimaikira mazira achikasu mothinana pamalo amodzi, ndipo mphutsi zoyamba kuswa zimadya mazira amene sanaswe. Makolo omwe amadya mazirawo akawapeza. Kenako mphutsi imafundula kangapo podutsa magawo anayi a kukula kwake, ndipo nthawi yofundula imakhala duu, thupi lili lofewa, yosatha kuthawa. Ikamata patsamba kuti isanduke kachikumbu, ndiye ndiwo yophikaphika kwa mnzake wanjala amene akudutsa. Kuthengo mnzakeyo akhoza osadutsa n'komwe, chifukwa chomera chili ndi masamba ambiri, pamwamba ndi pansi, ndi nthambi zosiyanitsa njira. M'kontena yosalala zonse zimayenda pansi ndi m'mbali, n'kumangogundana tsiku lonse. Njala imakulitsa vutoli, koma ngakhale zokhuta zimadyana zikamakumana pafupipafupi. Mtundu wa Harmonia axyridis ndiye umadziwika kwambiri ndi khalidweli.

Choncho malo amene ndimawerengera ine si kukula kwa bokosi, koma popondapo ndi pobisala. Mphutsi siuluka, ndiye mpata wa m'mwamba ilibe nawo ntchito. Pepala lopindapinda, zidutswa za katoni kapena timitengo zimachulukitsa njira m'bokosi lomwelo. Chakudya chimwazidwe ponseponse, osati mulu umodzi woti zonse zikakumane pamenepo. Mazira achotsedwe kwa makolo tsiku lililonse, ndipo zoswa tsiku limodzi zikhale pazokha, chifukwa yaikulu ikakhala ndi yaing'ono mlandu watha kale.

Kuthinana kuli ndi zina zoipa: zitosi zimachuluka, chinyezi chimakwera, nkhungu imagwira chakudya, ndipo zopulumuka nthawi zambiri zimatuluka zazing'ono, zoikira mazira ochepa.

Nanga bwanji osangoika imodziimodzi? M'labotale timatero pofuna kuyeza, koma woweta zikwizikwi sangadyetse ndi kutsuka timakontena tonseto. Amalola zina zife. Njira yake ndi kuyesa: makontena ofanana atatu, mphutsi zochepa mwina, zochulukirapo mwina, zambiri mwinamo, chakudya chokwanira monsemo, kenako n'kuwerenga tizikumbu timene tatuluka m'kontena iliyonse ndi kukula kwake.