Prado, Pajero kapena Discovery? Musanapereke ndalama, yambani mwasuzumira kunsi

Banja la ku Mzuzu likamafuna galimoto yaikulu yokoka ndi matayala onse anayi, chifukwa chake chimakhala chomveka. Kumudzi ndi ku Mpherembe kapena ku Usisya, mvula kuno imachedwa kukata, ndipo kagalimoto kakang'ono kamakhula mimba pansi msewu ukakumbika ndi madzi. Mutu umadzapweteka posankha. Ndalama zomwe mungagulire Prado yakale ya mipando yansalu, wogulitsa wina akupatsani nazo Discovery 4 kapena Range Rover Sport yocheperako zaka, mipando yachikopa, denga lagalasi, yonyezimira ngati yatsopano. Kutsika mtengoko si chifundo cha wogulitsa ayi. Msika unachotseratu ndalama zimene galimotoyo idzadye ku galaja.

Choncho musanafunse kuti yokongola ndi iti, dzifunseni kuti ikadzakufelani ku Bolero Lachisanu madzulo, ana ali m'kati, adzaikonza ndani, ndipo chitsulo chake chidzachokera kuti.

Tiyambe ndi Prado, poti ndi imene ambiri amailota. Pali ya 120, yopangidwa kuyambira 2002 mpaka 2009, ndi ya 150 imene inatsatira kuchokera 2009. Dzina ndi limodzi koma injini zake n'zosiyana kwambiri, ndipo chimene mukugula kwenikweni ndi injiniyo. Prado zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi injini ya petulo ya malita 2.7, ya 2TR-FE. Ndi injini yofatsa, ya tcheni osati lamba, yosavuta kukonza, ndipo makaniko aliyense wodziwa Hilux ndi Hiace amaidziwa. Koma mphamvu yake ndi ya mahatchi 160 kapena kupitirirako pang'ono, pomwe galimotoyo imalemera matani awiri musanakwezemo munthu. Onjezani apo nkhani ya kukwera kwa malo. Injini yopanda turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yake pa mamita 1,000 aliwonse okwera, Mzuzu ali pamwamba kuposa mamita 1,200, ndipo ku Nyika mumadutsa 2,000. Mukadzaza banja ndi matumba awiri a mpunga wa ku Karonga, chikweza cha ku Chiweta mukwera injini ikulira ngati chigayo, mafuta akutha ngati thanki yabooka. Kufika mufika, koma kupitirira thiraki pa chitunda kumafuna kuleza mtima.

Ya dizilo ya malita 3.0, ya 1KD-FTV, imakoka bwino kwambiri, koma ili ndi nthenda yake yobisika. Pansi pa injector iliyonse, kachipangizo kopopera dizilo mu injini, pamakhala kawashala kotseka mpweya woyaka. Kawashalako kakatha, utsi umalowa mu oyilo, oyilo amasanduka phala lakuda, phalalo limatseka kasefa kamene pampu imakokerapo oyilo mu sampu (mphika wa oyilo wa pansi pa injini), ndipo injini imauma ikuyenda. Kawashala ka mtengo wochepa kamapha injini yonse. Musanagule, makaniko alumikize kompyuta awerenge mmene injector iliyonse ikuperekera mafuta. Mukagula, atsitse oyilo n'kusuzumira ndi kamera yaing'ono pa bowo la sampu kuti aone ngati kasefako n'koyera. Ma injector otopa amawotcha pisitoni mpaka kung'aluka. Lamba wa timing wa injiniyi amasinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo ngati palibe lisiti yosonyeza kuti anasinthidwa, werengerani kuti sanasinthidwe. Injini yakale ya 1KZ-TE, yopezeka mu Prado 120 zina zochokera ku South Africa, vuto lake ndi kutentha: ikabwata kamodzi kokha, mutu wa injini ukhoza kung'aluka.

Kuyambira 2015 kunabwera dizilo ya malita 2.8, ya 1GD-FTV, yatcheni, yamphamvu, yosawononga mafuta. Chovuta chake ndi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi. Sefayi imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga mosalekeza kwa mphindi 20 kapena 30. Ngati ulendo wanu watsiku ndi tsiku ndi wochoka ku Katoto kukasiya ana kusukulu n'kukaima ku ofesi, sefayo siipeza mpata wotentha, imatsekeka, nyali imayaka ndipo mphamvu imadulidwa. Mankhwala ake ndi kuithamangitsako ku Ekwendeni n'kubwerera kamodzi pa sabata, komanso kuthira oyilo wa phulusa lochepa yekha, wolembedwa DL-1 kapena C2. Oyilo wamba wa mathiraki amaitseka msanga.

Apa tinenepo za dizilo wa m'zigubu. Mafuta akasowa, mzere utafika kutali, munthu amakopeka kugula m'mbali mwa msewu. Injini zakale za dizilo ngati 1HZ ya Land Cruiser zinkameza zotere n'kumapitabe. Za masiku ano zonse, kaya Toyota, Mitsubishi kapena Land Rover, zimapopa mafuta ndi mphamvu yoopsa kudzera m'timabowo tochepa ngati tsitsi, ndipo dizilo yemweyo ndiye amafewetsa pampu. Madzi pang'ono kapena parafini wosakaniza amakanda pampu, tizitsulo tonyenyeka timapita ku ma injector onse. Ngati mukudziwa kuti zigubu simungazipewe, ikitsani sefa yachiwiri yolekanitsa madzi, kapena ingosankhani ya petulo.

Land Cruiser yaikulu ndi nkhani ina. Ya 100, ya zaka za 1998 mpaka 2007, makamaka ya injini ya 1HD-FTE ya malita 4.2, ndi yolimba zedi, koma ngakhale yomaliza kupangidwa yakalamba tsopano, ndiye mapaipi a labala, mabushi ndi rediyeta zimafuna kusintha. Ya 200 ya dizilo ya V8 ndi galimoto yabwino kwa amene thumba lawo silinjenjemera: oyilo wokha amalowa malita 9 kapena kuposerapo, altaneta ili m'munsi momwe matope amaifikira, ndipo sitata inabisidwa pakati pa injini, moti kuisintha n'kuphwasula zambiri. Za 200 zochokera ku Japan ndi za petulo zokhazokha, za malita 4.7 kapena 4.6, ndipo mchimwene wake Lexus LX 570 ndi wa malita 5.7. Kumbukirani kuti msonkho wa MRA umakwera malinga ndi kukula kwa injini komanso zaka za galimoto.

Mitsubishi Pajero ya m'badwo wachinayi, ya 2006 mpaka 2021, anthu amaiderera, ndipo kuidererako ndi kumene kumaitsitsa mtengo. Kwa banja loyenda kwambiri pa tala, Mzuzu–Lilongwe kudutsa m'nkhungu ya ku Chikangawa, ndiyo yokhazikika bwino pokhota kuposa Prado, chifukwa tayala lililonse limadziyendera palokha. Giya yake ya Super Select imalola kuyenda ndi matayala awiri pouma, kenako n'kulowetsa 4H, yokoka ndi onse anayi, pa tala wonyowa galimoto ikuyenda. Injini ya dizilo ya 3.2, ya 4M41, ndi yaphokoso koma yopirira. Funsani ngati kapulasitiki kotsogolera tcheni pamwamba kanasinthidwapo, chifukwa kakathyoka kamagwera m'kati, ndipo muonetsetse ngati njira yolowera mpweya sinadzaze mwaye wa EGR, valavu yobweza utsi wina mu injini. Masipeya ake amapezeka, kungoti si ochuluka ngati a Toyota, ndipo pogulitsa mudzadikira wogula nthawi yotalikirapo.

Tsopano Discovery. Kunena chilungamo, pa galimoto zonsezi palibe yoposa Discovery 3 ndi 4 pa kukoma kokwera. Mipando isanu ndi iwiri yonse amakhalapo akuluakulu osapinda mawondo, imayandama pa mabampu, ndipo pa matope ndi katswiri. Koma chikomekome cha mkuyu. Galimotoyi imakhala pa matumba anayi a mpweya, opopedwa ndi kompuresa yaing'ono kunsi. Labala wa matumbawo akakalamba amachita timing'alu, mpweya umatuluka pang'onopang'ono, kompuresa imagwira ntchito osapuma mpaka kupsa, galimoto n'kukhala pansi ngati nkhuku yofungatira. Zikachitikira ku Chelinda, ulendo wobwerera ndi wa pa thiraki. Injini zake za dizilo za V6, ya 2.7 ndi ya 3.0, zimadziwika ndi kuthyoka kwa kirankishafuti, nthawi zina popanda chenjezo. Zili ndi malamba awiri, wakutsogolo ndi wakumbuyo woyendetsa pampu ya mafuta, osintha pakatha zaka 7. Ntchito zina, monga kusintha turbo, amakaniko ambiri amachita kunyamula bodi yonse kuichotsa pa chasisi. Handibuleki yake ndi yamagetsi, ndipo ikalowa matope imalira kenako n'kumangirira. Range Rover Sport ya zaka zomwezo inamangidwa pa chasisi chamtundu womwewo, matenda akenso ndi omwewo. Gulani ngati muli ndi galimoto ina yodalira, makaniko wokhala ndi kompyuta yowerenga Land Rover, ndi mtima wodikira sipeya kuchokera ku Johannesburg kapena ku UK.

Musaganize kuti Toyota ilibe zoterezi. Prado ya TZ-G ili ndi matumba a mpweya kumbuyo, ndipo Land Cruiser ndi Lexus zina zili ndi AHC, yokweza galimoto ndi mafuta opopedwa. Pa galimoto yakale, ya giredi yokhala pa masipuling'i achitsulo, monga TX, ndiyo yogona nayo tulo. BMW X5 ndi Mercedes ML zambiri zilibe giya yotsika ya pa matope ndi pa zitunda, ndipo matayala ake opyapyala sagwirizana ndi miyala ya msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia. Zimenezo ndi za pa tala.

Za banja zenizeni ogula amaziiwala. Tengani ana ndi katundu wanu wa masiku onse pokaona galimoto. Mu Prado 150 mukadzutsa mzere wachitatu wa mipando, malo otsala kumbuyo ndi a zikwama ziwiri zakusukulu basi. Mu 120 mipandoyo imapindikira m'mbali n'kudya malo, pomwe ya Pajero imalowa pansi. Chitseko chakumbuyo cha Prado ndi Pajero chimatsegukira cham'mbali, ndiye wina akaimika pafupi kumsika simutsegula. Pisani dzanja pakati pa khushoni ya mzere wachiwiri mufufuze tizitsulo ta ISOFIX tomangirira mpando wa mwana, kokani lamba aliyense mwadzidzidzi muone ngati akugwira, ndipo poyatsa galimoto nyali ya airbag iyake kenako izime. Ikapanda kuyaka n'komwe, wina anaithimitsa dala.

Matayala muwaonenso ndi diso la ndalama. Saizi ya Prado ya 265/65 R17 imapezeka mosavuta, pomwe 255/55 R19 ya Discovery 4 kapena ya mainchesi 20 mumachita kuitanitsa. Manambala anayi omaliza pambali pa tayala amanena zaka: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka 6 musalikhulupirire ngakhale mapanga ake akuoneka akuya. Pa galimoto yokoka ndi onse anayi nthawi zonse, matayala akhale a saizi imodzi ndi otha mofanana, apo ayi difu yapakati, yogawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, imavutika.

Pokayesa, pitani m'mawa injini isanalizidwe, ndipo igwireni ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira, chifukwa injini yotenthetsedwa kale imabisa zambiri. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Utsi woyera wosatha, pamodzi ndi thovu lotumphuka m'kabotolo ka madzi a rediyeta, ndi gasiketi kapena mutu wong'aluka. Ngati ndi ya matumba a mpweya, yezani ndi tepi madzulo kuchokera pakati pa gudumu kufika pa mlomo wa bodi, mbali zonse zinayi, n'kudzayezanso m'mawa. Ngodya imene yatsika ndi imene ikutaya. Kenako gwadani ndi tochi ndi sikuludiraiva. Za ku UK ndi za kumpoto kwa Japan zimayenda pa misewu yothiridwa mchere nyengo yachisanu, ndipo dzimbiri limadya chasisi kuchokera m'kati, makamaka kumbuyo. Gogodani. Chitsulo chabwino chimalira, chowola chimayoyoka. Penti wakuda watsopano kunsi kwa galimoto ya zaka 15 ndi wofunsa mafunso.

Msewu wopita ku Nkhata Bay ndi woyeserapo wabwino, poti uli ndi mtsetse, makona ndi chikweza pobwerera. Potsika mverani ngati chiwongolero chikunjenjemera mukaponda buleki, pokwera yang'anani singano ya kutentha ndiponso ngati giya ikusintha mosagunda. Patukirani pa dothi, imani, ikani pa N, lowetsani L4, giya yotsika ya pa matope ndi pa zitunda, ndi loko ya difu yapakati. Nyali ikangophethira osakhazikika, kamota kolowetsa giyayo kanauma chifukwa chosagwiritsidwa ntchito, zomwe zimachitika kwambiri ndi galimoto zimene moyo wawo wonse zakhala m'tauni.

Makilomita a pa dashibodi amabwezedwa, ndiye afananizeni ndi zina. Satifiketi yotulutsira galimoto ku Japan imalemba makilomita a pa nthawi zoyezedwa zomaliza, ndipo pa pepala la okushoni chilembo R chimatanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Chiwongolero chosalala ndi pedulo yodyeka sizigwirizana ndi makilomita 60,000. Nambala ya chasisi yosindikizidwa pa chitsulo ifanane ndi ya mu bluu buku ndi ya pa mapepala a MRA. Ngati galimotoyo inalowa mosalipira msonkho m'dzina la bungwe kapena munthu wololedwa, funsani ku MRA musanalipire, chifukwa msonkhowo ungadzagwere inu. Kusintha umwini ku Road Traffic kuchitike ndalama zonse zisanaperekedwe.

Pomaliza kuwerengera, musathere ndalama zonse pa mtengo wogulira. Sabata yoyamba galimoto ipite ku galaja: oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa transfer ndi wa madifu onse awiri, masefa onse, madzi a rediyeta, lamba wa timing ngati mbiri yake siyikudziwika, ndi kuona ma ball joint apansi. Mafuta a buleki asinthidwenso, ndipo muzitero pakatha zaka ziwiri zilizonse, chifukwa amayamwa chinyezi, ndipo akabwata pa mtsetse wa ku Chiweta pedulo imangolowa mpaka pansi. Potsika pamenepo ikani giya yachiwiri, injini izigwira galimoto, phazi lizingothandizira.