Chifukwa chake chooneka bwino pa sikirini chimakanika kusindikizika

Mphunzitsi wa kuno ku Mulanje atafuna kaphiri ka pulasitiki koti ana agwire m'manja, aone pomwe pali Sapitwa ndi momwe Likhubula watsikira, makina osindikiza a 3D, omwe amaumba zinthu ndi pulasitiki wosungunuka, angamupangire. Miyezo ya kutalika kwa malo ndi yaulere, poti NASA, bungwe la ku America loona za mlengalenga, inayeza mbali yaikulu ya dziko lapansi mu 2000. Koma fayilo yochokera ku miyezoyi nthawi zambiri imakhala chikopa cha pamwamba chokha, chopanda m'mbali, chopanda pansi. Pa kompyuta phiri limaoneka lathunthu, pomwe makina alibe choti amange.

Chinthu chilichonse chotere chimalukidwa ndi tizidutswa ta ngodya zitatu tolumikizana, ndipo zonsezo pamodzi ndiye mesh. Mafayilo a STL, omwe kampani ya 3D Systems inayambitsa mu 1987, amasunga tizidutswa timeneti basi. Pulogalamu yokonzera zosindikiza, monga Cura kapena PrusaSlicer, imadula chinthucho m'magawo opyapyala, kawirikawiri mamilimita 0.2, ndipo pa gawo lililonse imayenera kudziwa mkati ndi kunja kuti iuze makina pothira pulasitiki.

Funso loyamba lomwe ndimadzifunsa ndi ili: chinthuchi chikanakhala mtsuko, chikanasunga madzi? Kuti chisunge, mzere uliwonse uyenera kukhala malire a tizidutswa tiwiri ndendende. Kakakhala kamodzi, pali bowo. Tikakhala titatu, ndiye kuti mkati mwatsala khoma losafunika, zomwe zimachitika munthu akaphatikiza zinthu ziwiri osazilumikiza bwino. Kaphiri kaja mankhwala ake ndi kutsitsa m'mphepete monse pansi n'kutseka ndi tsinde losalala.

Vuto lina siliwoneka ndi maso. Kachidutswa kalikonse kali ndi nkhope yoyang'ana kunja, ndipo tina timatembenuka n'kuyang'ana mkati. Zikatero pulogalamu ikhoza kusiya mphako pomwe pafunika kudzadza. Mu Blender, pulogalamu yaulere yojambulira zinthu za 3D, yatsani chida chotchedwa Face Orientation: malo otembenuka amaoneka ofiira. Sankhani zonse, dinani Shift ndi N, ambiri amabwerera m'malo. Kenaka Merge by Distance imaphatikiza timfundo ta m'ngodya za tizidutswa tomwe tasanjikizana pamalo amodzi koma tisanagwirane. Apa chenjerani, mukaika mtunda waukulu imameza tizinthu tating'ono tomwe mumafuna, monga zilembo.

Makulidwe nawo amapusitsa ambiri. Kamlomo kotulutsa pulasitiki pa makina ambiri ndi mamilimita 0.4, choncho khoma lopyapyala kuposa apo likhoza kungosowa. Ine sindilola khoma lochepera mamilimita 0.8, ndipo ngati ndi chogwirira ntchito, monga chotsekera cha mpope wopopera mbewu, ndimawonjezera ndithu. Kumbukiraninso kuti STL sisunga muyezo. Wojambula akagwiritsa ntchito mainchi, inu n'kutsegula m'mamilimita, chinthu chimachepa ka 25.4.

Mapulogalamu ambiri ali ndi batani lokonza zonse lokha, ndipo pa timabowo tating'ono limathandizadi. Koma sindilikhulupirira ndisanayang'ane zomwe lachita. Silidziwa kuti bowo ili ndi ngozi, ilo ndi polowera bawuti, ndiye nthawi zina limatseka onse awiri. Fayilo ikakhala yoonongeka kwambiri ndipo chinthucho n'chosavuta, kujambulanso kumafulumira kuposa kumata.

Kuno kwathu pali chosokoneza china. Nyengo ya chiperoni, ku Thyolo ndi ku Mulanje konse, ulusi wa pulasitiki womwe makina amasungunula posindikiza umayamwa chinyezi, umathetheka potuluka n'kusiya timabowo ndi tiulusi pa chinthu. Anthu amathamangira kukonza fayilo yabwinobwino. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: vuto la mesh limabwera pamalo omwewo nthawi zonse, la chinyezi limamwazikana paliponse. Ulusi muusunge m'chigubu chotseka bwino pamodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi.

Musanayatse makina, tsegulani chionetsero cha magawo mu pulogalamu yodulira ija, muyende nacho kuchokera pansi mpaka pamwamba. Gawo losowa, khoma lozimiririka kapena bowo lotsekeka zimaonekera pamenepo m'mphindi zochepa, ulusi wodula wochokera kunjawu usanathe ndiponso maola asanu ndi atatu a magetsi asanapite pachabe.