Chikwangwani cha liwiro sichidziwa kuti mukukoka ngolo

Nambala imene imalembedwa pa chikwangwani cha liwiro m'mbali mwa msewu ndi malire amene lamulo likuletsa kuwapyola, koma siyikulonjeza kuti galimoto iliyonse ingathamange choncho bwinobwino. Woyendetsa amene wakoleka ngolo kumbuyo kwa galimoto yake ayenera kudzipezera yekha liwiro lomuyenera, ndipo langizo langa ndi lakuti pa msewu wa tala wabwino, wouma ndi woongoka, asapyole makilomita 80 pa ola, ngakhale pamene chikwangwani chikulola kupitirira apo.

Chifukwa choyamba ndi mtunda woimira. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda mabuleki atagwira kale umawirikiza kanayi, moti kungochoka pa 80 kufika pa 100 kumawonjezera mtundawo ndi kupitirira theka. Ngolo zambiri zing'onozing'ono zimene anthu amawotcheretsa kwa amisiri zilibe mabuleki akeake, choncho matumba khumi a chimanga a makilogalamu 50, pamodzi ndi chitsulo cha ngoloyo, zonse zimadalira mabuleki a galimoto yokokayo, amene kale ali ndi ntchito yoimitsa galimotoyo ndi anthu ake. N'chifukwa chake ku Britain wokoka ngolo salolezedwa kupyola mamailosi 60 pa ola pa misewu ikuluikulu ndi mamailosi 50 pa misewu imene galimoto zimapatukirana, ndipo ku Germany, kumene mbali zina za misewu ikuluikulu zilibe malire a liwiro, galimoto yokoka ngolo imalekezera pa makilomita 80 pokhapokha itapimidwa ndi kupatsidwa chilolezo chofika pa 100.

Choopsa kwambiri, komabe, ndi kugwedezeka kwa ngolo. Galimoto ndi ngolo yake zimakhala ndi liwiro linalake limene likapyoledwa, kugwedezeka kochepa sikuzilala kokha koma kumakulirakulira, mpaka ngolo iyamba kupukusa galimoto ngati mchira wogwedeza mwini wake. Choyambitsa chimakhala chaching'ono: mphepo ya thiraki yomwe mwapatukirana nayo, dzenje, kapena kukhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi pozemba mbuzi kapena wa kabaza. Liwiro loopsalo limatsika kwambiri katundu akapakiridwa molakwika. Katundu wolemera ayenera kukhala pansi, pamwamba pa ekiselo (chitsulo cholumikiza matayala a ngolo) ndi kutsogolo kwake pang'ono, womangidwa zolimba, kuti ngolo izitsamira pang'ono pa chokolekera. Ngati mwamasula ngolo n'kuona kuti mutu wake ukudzuka wokha m'mwamba, dziwani kuti katundu wachuluka kumbuyo, ndipo ngolo yotere ingayambe kuvina ngakhale musanafike pa 80 pamene.

Kugwedezeka kukayamba, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero mowongoka ndi manja onse awiri, ndipo musaponde mabuleki mwamphamvu. Pali mawu amene amayendayenda pakati pa madalaivala akuti uonjeze moto kuti ngolo iwongoke, koma awa ndi malangizo oipa, chifukwa ukalephera kuiwongola, ngozi imadzakupeza uli pa liwiro lalikulu kuposa lija unayambira. Zikadekha, patukani n'kukonzanso katundu.

Pa mtsetse nkhani imasinthiratu. Potsika mapiri a Chiweta kumpoto, kapena pochoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa pa msewu wa M1, ngolo imasiya kukokedwa n'kuyamba kukankha galimoto, makamaka pa makona. Lowetsani giya yotsika musanayambe kutsetsereka, kuti injini ndiyo izigwira galimoto, popeza mabuleki opondedwa mosalekeza amatentha, amanunkha, kenako phazi limangolowa koma galimoto osaima. Pamenepo 40 kapena 30 si manyazi ayi.

Matayala a ngolo nawo amaiwalika kawirikawiri, mwina chifukwa ngolo imakhala miyezi itaimikidwa padzuwa kuseri kwa nyumba. Tayala laling'ono limazungulira kambiri pa kilomita imodzi kuposa lalikulu, motero limatentha msanga, makamaka mu Okutobala pamene tala amaotcha, ndiponso ngati mpweya wachepa. M'mbali mwa tayala muli chilembo chosonyeza liwiro limene lingapirire, mwachitsanzo J ndi makilomita 100 ndipo L ndi 120, komanso manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala lakale long'aluka m'mbali silingafikenso pa mlingo umene unalembedwapo. Mukayenda makilomita angapo oyamba, imani, yendetsani dzanja pafupi ndi matayala ndi mabeyaringi kuti mumve ngati akutentha mopitirira, ndipo yang'ananinso chokolekera, tcheni ndi zingwe.

Mvula, mdima ndi misika ya m'mbali mwa msewu ngati wa Lizulu kapena Tsangano zimafuna kuti muchotsereponso pa 80 uja, ndipo mpata pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo ukhale wa masekondi anayi kapena kuposerapo. Mzere wa galimoto ukatalika kumbuyo kwanu, pezani malo otakasuka, patukani kuti adutse, m'malo mothamanga chifukwa cha mahutala awo.