Mbandakucha wa pa Rustlings Road: mmene Sheffield inagwetsera mthunzi wake

Chilimwe chikawawa ku Ulaya, makhonsolo amapikisana polonjeza kubzala mitengo m'misewu. Koma mkangano wakale sunathe: kodi ukadula mtengo waukulu n'kubzala kambande pamalopo, wabweza chimene wachotsa? Funsoli linabukanso mu Malichi 2023 pomwe khonsolo ya Plymouth ku England inagwetsa mitengo 110 usiku umodzi pa msewu wa Armada Way. Izi zinachitika patangopita sabata chitulukire lipoti la Sir Mark Lowcock, yemwe anatsogolera kafukufuku woima payekha, lofotokoza zomwe zinachitika mumzinda wa Sheffield, kumene nkhondo yamtunduwu inakula kuposa kwina kulikonse m'dzikolo.

Chiyambi chake n'chachidule. Mu 2012 khonsolo ya Sheffield inasainirana ndi kampani ya Amey mgwirizano wa zaka 25, wa mapaundi oposa 2 biliyoni, wokonza misewu yomwe inali itakumbikakumbika. Mitengo ya m'mbali mwa misewu, pafupifupi 35,000, inalowa momwemo. Mtengo unkayenera kudulidwa ukakhala wouma, wodwala kapena woopsa, zomwe palibe ankatsutsa. Koma unkadulidwanso ngati mizu yake yatukula njira ya oyenda pansi, ndipo apa ndi pomwe mitengo yathanzi inayamba kugwa.

Tsiku limene ine ndimaliona kuti linatembenuza zonse ndi 17 Novembala 2016. Cha m'ma 5 koloko mbandakucha, kukadali mdima ndi chisanu, apolisi ndi antchito odula mitengo anafika pa msewu wa Rustlings Road. Anthu anadzutsidwa ndi kugogoda kuti achotse galimoto zawo, msewu unatsekedwa, macheka n'kuyamba kulira. Anthu atatu anamangidwa, awiri mwa iwo amayi achikulire opuma pantchito omwe anangotuluka m'nyumba kukaima pansi pa mtengo. Chopweteka kwambiri n'chakuti gulu la akatswiri oima paokha, lomwe khonsoloyo inakhazikitsa yokha, linali litalangiza kuti yambiri mwa mitengo isanu ndi itatu yofuna kudulidwa pamsewuwo isadulidwe. Malangizowo anaonetsedwa kwa anthu m'bandakucha womwewo, odula ali kale panjira. Kuyambira tsiku limenelo ngakhale anthu omwe sankalabadira za mitengo anayamba kufunsa chimene chikubisidwa.

Zotsatira zake tingazidutse mwachangu: chiletso cha khoti mu 2017 choletsa otsutsa kudulaku kutchinga ntchitoyo, alonda olembedwa ganyu, mipanda yachitsulo kuzungulira mitengo, anthu ena ambiri kumangidwa. Ntchito yodula inaimitsidwa mu Malichi 2018, mitengo yoposa 5,000 itagwa kale.

Nanga tikhulupirire ndani? Kwa zaka zingapo khonsolo inkanena kuti inalibe chiwerengero cha mitengo yoti idulidwe. Ndime za mgwirizano zitaululidwa mokakamizidwa mu 2018, munapezeka nambala 17,500, theka la mitengo yonse. Akuluakulu a khonsolo anati nambalayo inali yongokonzekera mavuto monga matenda a mitengo. Lowcock, atawerenga zikalata ndi kumva mbali zonse, sanawavomereze: anapeza kuti khonsolo inasocheretsa anthu ngakhalenso makhoti, ndipo kuti cholakwacho chinayambira pa kumva molakwa kafukufuku wakale yemwe anati mitengo yambiri ndi yokhwima. A khonsolo anatenga kukhwima ngati kuyandikira kufa. Sitingakane kuti woyenda pa njinga ya olumala amavutikadi pa njira yotukuka ndi mizu, ndipo dandaulo limenelo linali loona. Koma lipotilo ndi lomwe lili ndi umboni wolemera, ndipo mu Juni 2023 khonsolo inapepesa poyera.

Chifukwa chimene ndikulimbikira pa mtengo wokhwima ndi ntchito yomwe umagwira. Nthambi zake zimatchinga dzuwa kuti lisawotche phula ndi makoma, zomwe zimasunga kutentha masana n'kumakutulutsa usiku. Masamba amatulutsa chinyezi chomwe chimaziziritsa mpweya. Nyumba yokhala pamthunzi sifuna magetsi ambiri oyendetsera makina oziziritsira. Kambande sikangachite zimenezi mpaka patapita zaka makumi angapo. Kafukufuku yemwe anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2023 anaona mizinda 93 ya ku Ulaya, n'kuwerengera kuti kutentha kowonjezera kwa m'mizinda kunapha anthu pafupifupi 6,700 m'chilimwe cha 2015, ndipo kuti imfa zoposa 2,600 zikanapewedwa mitengo ikanaphimba magawo 30 pa 100 a malo a m'mizindayo. Ziwerengerozi n'zamasamu oyerekezera, osati mayina a m'kaundula wa chipatala, komabe zikugwirizana ndi zomwe madokotala amaona: okalamba ndi odwala mtima ndi omwe amayamba kugwa kukatentha.

Kudula kutaima, akatswiri a Amey ndi anthu otsutsa kudula mitengo, omwe ankatchedwa osokoneza, anayendera limodzi mitengo yomwe inatsala pamndandanda wodulidwa. Yambiri inapulumuka ndi ntchito yaing'ono, monga kuika mwala wopyapyala m'mphepete mwa msewu kapena kusalaza njira pamwamba pa mizu, zomwe anthu a pa Rustlings Road ankapempha chisanafike chisanu cha 2016.