Ndege za Wenela ndi usiku wa pa 4 Epulo 1974

Nkhani ya ndalama za anthu amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni yakana kutha. Boma lililonse likalowa limaipeza, ndipo madala a Theba, amene tsopano mitu yawo ili mbuu, akadasungabe timapepala tawo takale podikira kuitanidwa. Chiyembekezo chinadzukanso mu 2019 pamene khoti la ku South Africa linavomereza kuti makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide apereke ndalama zokwana R5 biliyoni kwa anthu amene mapapo awo anawonongeka ndi fumbi la pansi kapena chifuwa chachikulu. Ndalamazo zikugawidwa ndi bungwe la Tshiamiso Trust. Koma pa zokamba zonsezi sipamveka kawirikawiri za mmene anthuwo ankafikira ku migodiko, chonsecho mu Epulo 2024 panakwana zaka 50 chichitikire ngozi ya ndege imene inasintha ulendo wa ku Joni mpaka lero.

Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, dziko linadzaza ndi ndege zosowa ntchito. Za mtundu wa Dakota zokha, asilikali anali atapangitsa zoposa 10,000, ndipo zambiri zinagulitsidwa pa mtengo wolira. Oyendetsa ndege amene anachoka ku usilikali anayamba kugula imodzi kapena ziwiri n'kutsegula timakampani ta hayala, tonyamula chilichonse chimene chalipira. Ena anapeza mwayi ku Berlin mu 1948 ndi 1949, potuta chakudya ndi mafuta kupita mumzinda umene Soviet Union inautsekera misewu. Alaska Airlines inakapezeka ikunyamula Ayuda kuchoka ku Aden kupita ku Israel. Makampani awiri a ku Britain, Airwork ndi Hunting, anatsegula ulendo wotchipa wa London mpaka Nairobi mu 1952. Kuno kwathu kunali Central African Airways, yokhazikitsidwa mu 1946 ndi maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri, imene inadzabala Air Malawi mu 1964. Okwera ake anali akuluakulu a boma, amishoni ndi eni maesiteti.

Ndege imene munthu wakumudzi anayamba kuidziwa m'kati inali ina, ya Wenela.

Bungwe la Witwatersrand Native Labour Association, lodziwika kuti Wenela, linali dzanja la eni migodi ya golide losakira antchito kunja kwa South Africa. Mu 1913 boma la kumeneko linaletsa kulemba anthu ochokera kumpoto kwenikweni, kuphatikizapo Nyasaland, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo m'makomboni. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo mkulu wa Wenela, William Gemmill, anayala misasa, misewu, malole ndi maboti kuchokera ku Francistown, m'dziko limene lero ndi Botswana, mpaka ku Barotseland, kumadzulo kwa Zambia, ndi kwathu kuno. Ulendo wapansi unali wautali ndi wotopetsa, moti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 bungweli linaika ndege. Zinayamba za Dakota, kenako kunabwera za DC-4 za injini zinayi. Munthu ankapimidwa pa msasa, kudinda chala pa kontrakiti, kukwera ndege ku Lilongwe kapena ku Chileka, kutsika ku Francistown, n'kukwera sitima ya pamtunda mpaka ku msasa waukulu wa Mzilikazi ku Johannesburg. Ndege zina zinkatola anthu ku Shakawe, Maun, Katima Mulilo ndi Mongu.

Wina angadabwe kuti migodi inkakwanitsa bwanji kulipirira ndege munthu amene malipiro ake anali ochepa chotero. Yankho lili m'malipiro momwemo. Katswiri wa zachuma Francis Wilson anawerengera n'kupeza kuti malipiro a munthu wakuda wa m'mgodi mu 1969 sankagula zinthu zambiri kuposa a mu 1911. Mtengo wa golide unali womangidwa pa madola 35 pa aunsi, ndiye eni migodi anasankha kukasaka anthu kutali, kumene msonkho wa nyumba ndi kusowa kwa ntchito zinkakankha amuna, kusiyana n'kukweza malipiro kuti akope anthu a ku South Africa komweko. Mafuta a ndege anali otchipa kuposa kukweza malipiro a anthu zikwi mazana.

Maiko atayamba kudzilamulira, msikawu unayamba kuchepa. Tanzania inatseka khomo, Zambia inatsatira. Malawi inatsegula kwambiri. Dr Kamuzu Banda anakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi Pretoria mu 1967, analandira nduna yaikulu ya South Africa, John Vorster, mu 1970, ndipo mu Ogasiti 1971 anapita iye mwini ku South Africa, kumene anakalankhulanso ndi Amalawi a m'migodi. Moyo wa kumeneko ankaudziwa, poti ali mnyamata anagwirapo ntchito ya ukalaliki pa mgodi wa Witwatersrand Deep ku Boksburg. Pofika 1973 Amalawi m'migodi ya ku South Africa anali oposa 100,000, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu kapena anayi alionse akuda amene ankalowa pansi. Gawo lalikulu la malipiro awo linkasungidwa n'kudzaperekedwa kuno kumudzi, zimene zinkabweretsera boma ndalama zakunja.

Usiku wa pa 4 Epulo 1974, kusanache, ndege ya DC-4 ya nambala A2-ZER inanyamuka pa bwalo la Francistown kulowera ku Blantyre. Munali anthu 84. Okwerawo anali omaliza kontrakiti, anthu amene anapirira chaka ndi theka kapena zaka ziwiri pansi pa nthaka ndipo chinawatsalira chinali maola ochepa chabe kuti aone kwawo. Itangodzuka, injini zinayamba kutentha mopyola muyeso ndi kuphulikaphulika, mphamvu n'kumachepa. Oyendetsa anayesa kutembenuka kuti abwerere pa bwalo, koma ndege inagwera m'tchire makilomita ochepa isanafike, n'kuyaka moto. Anapulumuka anthu asanu ndi mmodzi okha. Mpaka lero imeneyi ndiyo ngozi ya ndege yoopsa koposa m'mbiri ya Botswana.

Zolemba za ngozi za ndege zimati omwalira onse anali 78, kuphatikizapo ogwira ntchito m'ndegemo. Akatswiri a mbiri ya migodi ambiri amalemba kuti Amalawi anali 74, ena amatsitsa pang'ono. Kusiyanaku n'kochepa, komabe kumaonetsa kanthu: mtundu wa ndege, nambala yake ndi mtunda umene inagwera zinalembedwa mosamala, pamene chiwerengero cha eni maliro chimasintha malinga ndi buku limene mwatsegula.

Chimene chinagwetsa ndegeyo sichinali mphepo kapena ukalamba wake, ngakhale inalidi yopangidwa nthawi ya nkhondo. Anali mafuta. Injini za DC-4 n'za mapisitoni ndipo zimamwa petulo wa ndege wa mphamvu kwambiri, pamene ndege za jeti zimamwa mafuta a mtundu wa palafini. Ofufuza anapeza kuti petulo amene anathiridwa m'ndegeyo anali atasakanizika ndi mafuta a jeti. Palafini akalowa mu injini yotere, mafuta sayakanso mwadongosolo koma amaphulika nthawi isanakwane, ndipo mitu ya masilinda imatentha mpaka kuwonongeka. Choipa chake n'chakuti ndege ili pansi, injini zikuzungulira pang'onopang'ono, vutolo limatha kubisala. Limaonekera pamene woyendetsa wapereka mphamvu zonse kuti adzuke ndi katundu wodzaza, ndipo popeza matanki onse amwa pa chitsime chimodzi, injini zinayi zija zimadwala pamodzi. Kulakwitsako kunachitikira pansi, m'manja mwa anthu amene sanakwere nawo.

Kamuzu sanachedwe. Analamula kuti Wenela isiye kulemba anthu m'Malawi, ndipo amene anali kale ku migodi anayamba kubwerera. Pofika 1976 anatsalako ochepa kwambiri. Apa ndi pamene olemba mbiri amagawanika.

Mbali imodzi imatenga mawu a boma momwe analili: mtsogoleri anakhudzidwa ndi imfa za anthu ake ndipo sakanalola kuti ena akwerenso ndegezo. Sitingazitaye zimenezi, chifukwa maliro 70 ndi kuposa pa tsiku limodzi si nkhani yaing'ono m'dziko laling'ono, ndipo boma linataya nazo ndalama zakunja zambiri. Koma akatswiri ngati Robert Christiansen ndi Jonathan Kydd anaonetsa kuti pa nthawi yomweyo maesiteti a fodya anali kukula mofulumira m'chigawo chapakati, makamaka chifukwa fodya wa ku Rhodesia anali woletsedwa pa misika ya dziko, ndipo maesitetiwo ankasowa manja. Ambiri mwa iwo anali a Press, a General Farming ndi a akuluakulu a chipani. Munthu amene akulandira malipiro a ku Joni sakanavomera kukhala tenanti ku Kasungu. Wiseman Chirwa, amene analemba zambiri pa nkhaniyi, nayenso amaiona ngoziyo pamodzi ndi zofuna za boma pa chuma ndi ndale. Kwa ine mfundo yachiwiriyi ndi yolemera. Chikanakhala chisoni chokha, kukonza kayendedwe ka ndege ndi kulipiritsa olakwa kukanakwana. Kutseka khomo lonse kwa zaka zitatu kunafuna chifukwa china.

Ndipo nthawi yake inawapweteka amuna aja. Mtengo wa golide unali utamasulidwa ndipo unkakwera, moti migodi, itadzidzimuka ndi kuchoka kwa Amalawi komanso kugwa kwa ulamuliro wa Apwitikizi ku Mozambique, kumene kunayamba ndi kulanda boma ku Lisbon pa 25 Epulo, milungu itatu yokha chichitikire ngoziyo, inakweza malipiro kangapo m'zaka zochepa. Malo a Amalawi anatengedwa ndi anthu a ku Transkei, Lesotho ndi Rhodesia. Amene anakumba golide zaka zonse malipiro ali pansi anabwezedwa kwawo pamene ndalama zinayamba kuoneka.

Mu 1977 boma linalolanso kulemba anthu, Wenela itatenga dzina latsopano la TEBA (Theba), koma chiwerengero sichinayandikirenso cha kale, chinangozungulira pa zikwi khumi ndi zingapo. Khomo linadzatsekekeratu mu 1988, pamene South Africa inaumirira kuti Amalawi aziyezedwa kachilombo ka HIV asananyamuke ndipo boma la Malawi linakana. Malinga ndi Chirwa, chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chakuti anthu pafupifupi 200 anapezeka ndi kachilomboka m'zaka ziwiri za m'mbuyo mwake, ndipo pakati pa 1988 ndi 1992 Amalawi pafupifupi 13,000 anabwezedwa kumudzi.