Nthudza yanu ikungochita maluwa osabereka? Musaidule kaye

Mwezi watha bambo ena a ku Khombedza anandipeza pa nazale, nkhwangwa atanola kale kunyumba. Akuti alangizi, mtengo wa nthudza ndinadzala kuseri kwa khola uja wandikwana, chaka ndi chaka maluwa mbwee koma chipatso olo chimodzi, bola ndingosemamo mipini. Ndinawafunsa kuti bambo munadzala ingati, akuti umodzi basi. Ndinapalasa njinga kukauona, ndipo ndinapeza zomwe ndimaganizira zija, mtengowo ndi wamphongo.

Nthudza, imene m'mabuku amailemba kuti Flacourtia indica, ili ngati papaya, pali mtengo waumuna ndi waukazi. Waumuna ntchito yake ndi kupereka mungu basi, njuchi zimatenga munguwo kupita nawo ku waukazi, ndiye zipatso nkuyamba. Kuti muzindikire dikirani nthawi ya maluwa, muthyole kaduwa kamodzi muyang'anitsitse, ndi tating'ono zedi totuwira chikasu moti ambiri sationa nkomwe. Kaumuna kamakhala ndi tiulusi tambirimbiri ngati kaburashi, pakapita masiku kamangoyoyoka pansi. Kaakazi kali ndi kamphundu kobiriwira pakati, kameneko ndi kamene kamadzakula nkukhala nthudza.

Chovuta nchakuti mukafesa njere simungadziwe kuti mbande iyi ndi yaumuna kapena yaikazi mpaka idzachite maluwa, ndiye patapita zaka kale, thukuta mwakhetsa kale. Nchifukwa chake ine ndimati dzalani 5 kapena 6, motalikana mamita 4 kapena 5, pamenepo simungalephere kupeza yaikazi. Njira ina imene ndimaikonda kwambiri, pitani pa mtengo umene mukuudziwa kuti umabereka zokoma, mukumbe mphukira zotuluka ku mizu yake pamodzi ndi timizu take, mphukira imatengera make ndithu. Kumezanitsa kumathekanso, kanthambi ka waukazi nkukalumikiza pa waumuna, zimenezi ndi zomwe tagwirizana ndi bambo aja, ndipo nthambi ina tidzaisiya kuti izipereka mungu.

Ngati mwasankhabe njere, tsukani mnofu wonse uchoke, mufese zikadali zatsopano m'machubu a dothi lakuda losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana. Zimamera mosiyana masiku, musataye machubu msanga.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December kulekeza pa 15 April, koma kuno ku Salima olo musadikire March, mvula ikangokhazikika dzalani, chifukwa mchenga wathuwu susunga madzi ndipo dzuwa la October mukulidziwa nokha. Dzenje likhale masentimita 60 mulifupi ndi 60 kuya, dothi lapamwamba musakanize ndi manyowa nkulibwezera pansi. Chilimwe choyamba muzithirira, kenako imadzilimbira yokha, paja ndi mtengo wakutchire. Phimbirani ndi udzu koma usakhudze tsinde, mungaitane chiswe.

Mbuzi, aaa. Anthu amati nthudza ili ndi minga ndiye yadziteteza kale, bodza limenelo, mbande yanthete mbuzi imakudzula masamba onse mmawa umodzi. Tchingirani ndi nsungwi kapena minga ya mthethe mpaka italike kuposa pofika mbuzi itaima ndi miyendo iwiri, mulambulenso udzu mozungulira moto usanayambe. Kudulira sikufuna zambiri, chotsani zouma ndi mphukira zothinana patsinde kuti pokolola musamalasidwe.

Ndipo zikabereka auzeni ana asamathyole zofiira, zimamanga m'kamwa. Zide kaye bii, kenako muifikise m'manja mpaka ifewe ngati mmene tinkachitira kobusa ng'ombe, pamenepo ndiye mumva kutsekemera kwake.