Fayilo imene Sqoop imasiya m'mbuyo musaitaye

Banki kapena kampani ya mafoni imasunga mbiri ya makasitomala ake m'matebulo a database monga MySQL, Oracle kapena PostgreSQL. Tebulo limakhala ndi makolamu, monga dzina, nambala ya foni, tsiku ndi ndalama, ndipo mzere uliwonse umaimira munthu mmodzi kapena malonda amodzi. Mizere ikachuluka zedi, kompyuta imodzi imalephera kuisanthula msanga. Apa m'pamene akatswiri amaikopera ku pulogalamu yotchedwa Hadoop, komwe deta imagawidwa pa makompyuta ambiri kuti athandizane ntchito.

Kwa zaka zambiri ntchito yokoperayi inali m'manja mwa Sqoop, pulogalamu imene inayambira ku kampani ya Cloudera mu 2009 n'kukhala pulojekiti yoima payokha ya Apache, bungwe losamalira mapulogalamu aulere, mu 2012. Apache inaipumitsa mu 2021, komabe alipo makina akale amene akuyendabe nayo.

Sqoop imabwera isakudziwa kalikonse za tebulo lanu. Isanakoke ngakhale mzere umodzi, imalumikizana ndi database kudzera mu JDBC (njira imene mapulogalamu a chilankhulo cha kompyuta cha Java amalankhulira ndi database) n'kufunsa kuti makolamu alipo angati, mayina awo ndi ati, ndipo iliyonse imasunga zotani. Ikamva mayankho imalemba yokha kapulogalamu ka Java kotchedwa class. Dzina la tebulo likakhala makasitomala, mupeza fayilo ya makasitomala.java mufoda imene munalembera lamulo. Zili ngati telala amene amayamba wakuyezani asanadule nsalu: class ija imasokedwa molingana ndi thupi la tebulo pa tsiku limenelo.

Mukaitsegula muona kuti kolamu iliyonse yapatsidwa malo ake. Ya mawu, VARCHAR, yasanduka String. Ya INTEGER yasanduka Integer. Ya ndalama, DECIMAL, yasanduka BigDecimal, ndipo izi n'zofunika kwambiri, chifukwa manambala a mtundu wina wa Java wotchedwa Double sasunga matambala ndendende, moti mukaphatikiza mizere mamiliyoni chiwerengero chimayamba kuphonya. Class yomweyo ndi imene imadziwa kuwerenga mzere kuchokera mu database, kuulemba mufayilo, ndiponso kuubweza. Kenako Sqoop imayang'ana nambala yaing'ono ndi yaikulu ya primary key (kolamu imene imasiyanitsa mzere uliwonse ndi inzake) n'kugawa tebulo m'zigawo zinayi, pokhapokha mutailamula zina, ndipo zigawo zonsezo zimadutsa mu class imodzimodziyo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri amaiona fayiloyi ngati chinyalala. Ntchito ikatha amaifufuta osaiwerenga n'komwe.

Komatu muli zosankha zimene Sqoop yakupangirani osakufunsani. Ikamalemba fayilo ya mawu wamba imalekanitsa makolamu ndi chizindikiro cha koma (,). Ndiye taganizani adiresi yolembedwa kuti "Area 25, Lilongwe". Powerenga, koma ija imaoneka ngati malire a kolamu, Lilongwe n'kugwera pamalo pa nambala ya foni, zotsatira zonse n'kusuntha. Malo opanda kanthu nawonso amavuta: Sqoop imalembapo mawu akuti null, pamene Hive, pulogalamu yosanthulira deta ya mu Hadoop, imayembekezera chizindikiro cha \N. Mukapanda kukonza, lipoti lidzakuuzani kuti muli ndi makasitomala ambirimbiri amene dzina lawo ndi null.

Vuto lalikulu limadza tebulo likasintha. Wina akawonjezera kolamu ya imelo, Sqoop ilemba class yatsopano yokhala ndi dzina lakale lomwe lija. Deta ya chaka chatha, makamaka yosungidwa ngati SequenceFile (mtundu wa fayilo ya Hadoop umene si mawu wamba), imafuna class imene inailemba. Yatsopanoyo imafunafuna imelo pomwe palibe, ndipo kuwerenga kumasokonekera.

N'chifukwa chake ine ndimalangiza kuti kulemba class kuzichitika pakokha, kukoka deta kuzibwera pambuyo. Lamulo la sqoop codegen limalemba class popanda kusuntha mzere uliwonse. Ipatseni dzina lomveka ndi --class-name, iuzeni foda yoikamo ndi --outdir, ndipo ngati mtundu wa kolamu ina sunakukhutiritseni, usintheni ndi --map-column-java. Iwerengeni modekha, muisunge mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya kusintha kwa mafayilo, pamodzi ndi mapulogalamu anu ena. Fayilo ya jar, momwe Sqoop imaikamo class ija itaikonza kuti kompyuta iigwiritse ntchito, musaisiye mufoda ya /tmp momwe Sqoop imaiponya, chifukwa foda imeneyo imasesedwa. Pokoka deta, lozani jar yanuyo ndi --jar-file, ndipo tebulo likasintha, lembani class ina ya dzina lina, yakaleyo ikhalebe pafupi ndi deta imene inailemba.